Kusintha Ford Mustang ya 1965 kapena 1966 kuti matayala ake azimangidwa ndi mabawuti asanu

Ford Mustang itatuluka mu Epulo 1964, inkagulitsidwa m'mitundu iwiri imene pamaso inkafanana koma kunsi inali yosiyana kwambiri. Ya injini ya masilinda 6 inkabwera ndi matayala omangidwa ndi mabawuti anayi, madiramu a mabuleki a mainchesi 9 ndiponso difu yaing'ono ya mainchesi 7.25, pomwe ya V8, injini ya masilinda 8, inkakhala ndi mabawuti asanu, madiramu a mainchesi 10 ndi difu ya mainchesi 8. Lero munthu amene ali ndi ya masilinda 6 amavutika kupeza malimu abwino oigwirizana, ndipo akafuna kuika mabuleki a disiki kapena injini yamphamvu, amapeza kuti zipangizo zambiri zogulitsidwa zinapangidwira ya V8. N'chifukwa chake ambiri amasintha n'kuika mahabu a mabawuti asanu, zitsulo zozungulira zimene matayala amamangidwapo. Koma amene akuganiza kuti ntchitoyi ndi yongowonjezera bawuti limodzi pa tayala lililonse adzadabwa akailowa pansi galimotoyo, chifukwa habu imayendera limodzi ndi spindle (chitsulo chimene habu yakutsogolo imazungulirapo), spindle imayendera limodzi ndi zitsulo za chiwongolero ndi mabuleki, ndipo kumbuyo nthawi zambiri ekiselo yonse imafunika kutuluka.

Yambani ndi kuyeza musanamasule nati ngakhale imodzi

Mabawuti a tayala amakhala pa mzere wozungulira, ndipo kukula kwa mzere umenewu ndi kumene kumasonyeza ngati limu ilowa kapena ayi. Pa Mustang zonse ziwiri mzerewu ndi wa mainchesi 4.5, omwe ndi mamilimita 114.3. Pa habu ya mabawuti anayi kuyeza n'kosavuta, chifukwa mumangoyeza kuchokera pakati pa bawuti limodzi kukafika pakati pa bawuti loyang'anizana nalo. Pa ya asanu palibe mabawuti oyang'anizana, choncho yezani pakati ndi pakati pa mabawuti awiri oyandikana, ndipo chimene mwapezacho muchichulukitse ndi 1.701. Ngati mwapeza pafupifupi mamilimita 67.2, ndiye kuti habuyo ndi yoyenera. Mukapeza pafupifupi 70.9, imeneyo ndi ya mainchesi 4.75 imene Chevrolet inkagwiritsa ntchito, ndipo mukapeza 65.8 ndi ya mamilimita 112. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, mwakuti limu yolakwika imatha kulowa mokakamiza, koma manati ake sakhala bwino m'mabowo ndipo bawuti lililonse limakhala likukokedwera kumbali mpaka tsiku limene lidzaduke.

Yezaninso mpata umene ulipo pakati pa tayala ndi mlomo wa madigadi, komanso pakati pa tayala ndi zitsulo za mkati, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Lembani manambalawa m'kope, ndipo jambulani zithunzi za mabuleki ndi mapaipi ake mbali zonse. Pakapita masabata awiri galimoto ili m'mwamba, palibe amene amakumbukira kuti kasipuling'i kaja kanakoledwa pabowo liti.

Njira zimene ndi bwino kuzipewa

Pali anthu amene amatenga habu yakale kupita nayo kwa okonza zitsulo kuti akaboole mabowo asanu pa mzere womwewo. Masamu ake ndi amene amaitsutsa njirayi. Mabowo anayi amatalikirana madigiri 90, pomwe asanu amatalikirana madigiri 72, kotero mukasunga bowo limodzi lakale, awiri mwa mabowo atsopano amagwera madigiri 18 okha kuchokera pa akale, womwe ndi mtunda wa pafupifupi mamilimita 18 pakati ndi pakati. Bawuti lenilenilo ndi la theka la inchi, ndipo tsinde lake la manomano limene limakhomeredwa m'bowo ndi lokulirapo, choncho chitsulo chotsala pakati pa bowo latsopano ndi lakale chimakhala chopyapyala kwambiri. Ena amatseka kaye mabowo akale ndi kuwotcherera, koma imeneyo ndi ntchito ya katswiri amene ali ndi makina olondola, ndipo ngakhale itayenda bwino, spindle, mabering'i ndi mabuleki zimakhalabe zazing'ono zija.

Njira ina ndi yomangirira chitsulo chapakati chimene mbali ina chili ndi mabowo anayi ndipo mbali ina chili ndi mabawuti asanu. Chitsulochi chimakankhira tayala kunja ndi inchi imodzi kapena kuposa, zimene zimalemetsa mabering'i ndipo zimachititsa tayala kukhula madigadi pa bampu. Kwa galimoto yongoimika pa chionetsero mwina zilibe kanthu, koma kwa yoyenda mumsewu ndi ana kumbuyo, ine sindingalangize.

Kusonkhanitsa zipangizo

Njira yolongosoka ndi kuika zimene Ford yomweyo inkaika pa V8 ya zaka zimenezo. Kutsogolo mufunika ma spindle awiri a V8 ya 1965 kapena 1966, mahabu ake, mabering'i atsopano amkati ndi akunja, masilu, ndi mabuleki onse athunthu, kaya a madiramu a mainchesi 10 kaya a disiki. Mufunikanso zitsulo za chiwongolero za V8, kutanthauza ma tie rod (ndodo zachitsulo zokhotetsa matayala) amkati ndi akunja, chitsulo chapakati chimene chimawalumikiza, idler arm ndi pitman arm (mikono iwiri imene imagwira ndi kuyendetsa chitsulo chapakaticho), chifukwa za masilinda 6 ndi zazing'ono ndipo msonga wa tie rod yake sukhala molimba m'bowo la spindle ya V8. Pogula zimenezi nenani ngati chiwongolero chanu ndi cha pawa kapena chamanja, popeza zina mwa izo zimasiyana. Mikono ya m'mwamba ndi ya m'munsi imene imagwira spindle mutha kuisunga ngati ili bwino, ngakhale kuti ino ndiyo nthawi yabwino yosinthiratu ma ball joint (mfundo zolumikiza mikonoyi ku spindle) ndi mabushu otha.

Amakaniko ambiri a ku America akhala akugwiritsanso ntchito ma spindle a Ford Granada ya 1975 mpaka 1980, chifukwa amabwera ndi madisiki a mainchesi 11 ndi mabawuti asanu a muyezo womwewu. Njirayi imagwira, koma imafuna ma tie rod akunja ogwirizana ndi bowo la spindle imeneyo, ndipo mkono wake wa chiwongolero sufanana ndendende ndi wa Mustang ya 1965, mwakuti galimoto ina imayamba kukokera uku ndi uku ikamadutsa m'mabampu. Chenjezo lalikulu kwa ife a kuno n'lakuti Granada imene ikunenedwayi ndi ya ku America. Granada imene inkayenda ku South Africa ndi ku Britain ndi galimoto ina kotheratu imene yangofanana nayo dzina, ndipo mabawuti ake ali pa mamilimita 112. Wogulitsa zitsulo zakale ku Johannesburg akakuuzani kuti ali ndi mahabu a Granada, muyambe mwafunsa kuti ndi Granada iti.

Kumbuyo fufuzani ekiselo yonse ya mainchesi 8 yochokera pa Mustang V8 ya 1965 kapena 1966, pamodzi ndi mashafti, madiramu ndi zingwe za handibuleki. Kuizindikira n'kosavuta, chifukwa ya mainchesi 8 ilibe chivundikiro cha mabawuti kumbuyo kwake ndipo magiya ake amatulukira kutsogolo ali mtolo umodzi, pomwe yaing'ono ija ili ndi chivundikiro kumbuyo. Ya 1967 kupita mtsogolo ndi yotambalala ndi pafupifupi mainchesi awiri, choncho ikhoza kukhala pa masipuling'i anu koma matayala adzayandikira madigadi. Gulaninso ma U-bolt atsopano (mabawuti opindika omangira ekiselo ku masipuling'i) ndi mbale zake zapansi zogwirizana ndi kukula kwa paipi ya ekiselo yatsopanoyo.

Ntchito ya kutsogolo

Imikani galimoto pa simenti yosalala, tsekerani matayala akumbuyo, fewetsani manati a matayala ikadali pansi, kenako muikweze ndi jeke n'kuikhazika pa zochirikizira zachitsulo pansi pa chasisi. Njerwa ndi zitsa sizochirikizira galimoto, ndipo jeke yokha si yoidalira munthu akulowetsa mutu pansi.

Pali chinthu chimodzi chimene Mustang imasiyana ndi galimoto zambiri, ndipo muchimvetse musanamenye nyundo. Sipuling'i yakutsogolo imakhala pamwamba pa mkono wa m'mwamba, ndipo imaukankhira mkonowo pansi ndi mphamvu yaikulu. Choncho galimoto isanachoke pansi, lowetsani kamtengo kolimba pakati pa mkono wa m'mwamba ndi chasisi, kuti mukamaikweza mkonowo utsamire pa kamtengoko, ndipo shoko muisiye yomangidwa m'malo mwake. Mukatero, mutha kuchotsa spindle popanda kukhudza sipuling'i. Ngati mwaganiza zosintha mkono wa m'mwamba kapena sipuling'i yomweyo, pamafunika chida chenicheni chopanira sipuling'i, osati waya kapena chingwe.

Chotsani tayala, kenako kachipewa ka pakati pa habu, kapini kopinda, nati, washa ndi bering'i yakunja, ndipo diramu idzatuluka pamodzi ndi habu. Fumbi limene mulipeze m'katimo musalipemerere ndi mpweya, chifukwa mabuleki a zaka zimenezo ankapangidwa ndi asibesito amene amawononga mapapo. Linyowetseni ndi mankhwala otsukira mabuleki n'kulipukuta. Masulani paipi yofewa ya mabuleki pamene yakumana ndi paipi yachitsulo, pogwiritsa ntchito sipanala yogwira nati mbali zambiri kuti isaphwanyike makona, kenako masulani mabawuti anayi amene agwira mbale ya mabuleki ku spindle.

Tie rod ndi ma ball joint amalowa m'mabowo osongoka ndipo pakatha zaka zambiri amakhala ngati anamerera momwemo. Chotsani kapini, masulani nati koma muisiye pa mizere iwiri kapena itatu kuti zinthu zisagwe mwadzidzidzi, kenako menyani mwamphamvu m'mbali mwa chitsulo cha spindle chimene chazungulira bowolo, osati pamutu pa bawuti. Kawirikawiri mukamenya kangapo mumamva kuti thi, ndipo chimamasuka. Pakavuta, gwiritsani ntchito chida chokankhira ball joint. Spindle ikatuluka, sinthani zitsulo zonse za chiwongolero, ndipo ma tie rod atsopano muwatalikitse mofanana ndi akale kuti matayala adzayang'ane kutsogolo mokwanira kukafika kumene amawongolera matayala.

Ikani spindle yatsopano poyamba pa ball joint ya m'munsi kenako ya m'mwamba, muonetsetse kuti yakumanja ili kumanja, ndipo manati ake muwamange ndi sipanala yoyezera mphamvu molingana ndi buku la galimotoyi. Bowo la kapini likapanda kuonekera, pitirizani kumanga pang'ono mpaka lionekere, osabwerera m'mbuyo. Mapini onse akhale atsopano.

Kumanga bering'i ndi pamene ntchito yambiri imaonongekera. Pakani girizi wopirira kutentha poika mulu wake pachikhatho n'kumakanikizira m'mphepete mwa bering'i mpaka girizi atatulukira mbali inayo kuzungulira konse. Ikani bering'i yamkati, khomererani silu mofanana, lowetsani habu, kenako bering'i yakunja, washa ndi nati. Mukuzunguza habuyo ndi dzanja limodzi, mangani nati kufika pakati pa 23 ndi 34 Nm (muyezo wa pa sipanala yoyezera mphamvu) kuti mabering'i akhazikike, kenako imasuleni theka la kuzungulira, ndipo muimangenso mopepuka kwambiri, mphamvu ya zala chabe, imene ndi pakati pa 1 ndi 2 Nm. Anthu ambiri amaopa kusiya natiyi yopepuka chonchi ndipo amaimanga ngati nati ya tayala, koma chimene chimaigwira ndi kapini, ndipo bering'i yopanikizidwa imapsa ulendo umodzi wokha. Habu izungulire momasuka popanda kugwedezeka kooneka.

Ntchito ya kumbuyo

Chirikizani galimoto pa chasisi kutsogolo kwa masipuling'i akumbuyo, ndipo jeke ikhale pansi pa difu kuti inyamule kulemera kwa ekiselo. Masulani pulopela shafti kumbuyo kwake, muikulunge tepi pa tizipewa ta cholumikizira chake chooneka ngati mtanda kuti tisagwe n'kumwaza timisomali ta m'kati, ndipo mukaisolola ku giyabokosi ikani chotengera pansi chifukwa mafuta amadontha. Chotsani zingwe za handibuleki, paipi yofewa ya mabuleki, ndi mashoko pamene amangidwa ku mbale zapansi, kenako masulani ma U-bolt. Ekiselo ya Mustang imakhala pamwamba pa masipuling'i, choncho mutha kuisolola chammbali anthu awiri mukuthandizana, kapena kumasula masipuling'i kumbuyo kwake n'kuwatsitsa kuti ituluke cham'mbuyo. Njira yachiwiriyi imaoneka yaitali koma imateteza msana ndi penti.

Ekiselo yatsopano muikonze ikadali pansi pomwe mukuiona bwino. Shafti iliyonse imagwidwa ndi kambale ka manati anayi amene mumawafikira kudzera pa bowo limene lili pa mutu wa shaftiyo. Isololeni, sinthani bering'i ndi silu kwa amene ali ndi makina okanikizira, ndipo muone ngati mabawuti asanu aja ali ndi mizere yabwino. Ikani mashuzi ndi masilinda a mabuleki atsopano. Poikweza, onetsetsani kuti kamutu ka bawuti la pakati pa sipuling'i kalowa m'bowo la mpando wa ekiselo mbali zonse ziwiri, chifukwa kakaphonya galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu. Ma U-bolt amangeni mosinthanasinthana pang'onopang'ono, ndipo mudzawabwereze galimoto ikatsika pansi. Thirani mafuta a difu a 80W-90 mpaka afike pa mlomo wa bowo lothirira.

Musayembekeze kuti pulopela shafti yakale ilowa mmene ilili. Mphuno ya difu yatsopano ndi mtanda wake zimasiyana ndi zakale, choncho yezani utali wofunika galimoto itakhala pa matayala ake, ndipo mupite nayo kwa odziwa kudula ndi kulinganiza mashafti, apo ayi mupeze ya V8 yogwirizana ndi giyabokosi yanu. Onaninso kachitsulo ka manambala kamene kamakhala pa difu kuti mudziwe magiya ake. Ya masilinda 6 nthawi zambiri inkakhala ndi 3.20 kapena 2.83, pomwe ya V8 inkakhala ndi 3.00 kapena 2.80, ndipo kusinthaku kungachititse kuti galimoto inyamuke mosiyana pang'ono ndi kale komanso kuti sipidomita iziwerenga molakwika kufikira mutasintha kagiya ka chingwe chake.

Mabuleki

Mustang ya 1965 ndi 1966 ili ndi master cylinder (pampu imene pedulo imakankha kuti mafuta a mabuleki apite ku matayala) ya chipinda chimodzi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika kulikonse, matayala onse anayi amataya mabuleki nthawi imodzi. Kuyambira 1967 galimoto za ku America zinayamba kubwera ndi ya zipinda ziwiri, china cha kutsogolo china cha kumbuyo. Popeza mapaipi mwawamasula kale, kusiya ya chipinda chimodzi m'malo mwake kungakhale kutaya mwayi. Sankhani yogwirizana ndi zimene mwaika, chifukwa ya madiramu anayi imasunga kamphamvu pang'ono m'mapaipi kamene kangachititse ma caliper, zitsulo zopana disiki, kumangogwira osasiya. Ngati kutsogolo mwaika disiki, paipi yopita kumbuyo iikidwe vavu yochepetsa mphamvu, kuti matayala akumbuyo asamagwire msanga n'kuzunguza galimoto pamsewu wonyowa. Mapaipi ake ndi a 3/16 ya inchi ndipo milomo yake imapindidwa kawiri. Onaninso utali wa kandodo kochokera ku pedulo, popeza kakatalika mabuleki amakhala akukhula nthawi zonse.

Master cylinder muichotse mpweya isanamangidwe pa galimoto, kenako thirani mafuta a DOT 3 kapena DOT 4 ochokera m'botolo losatsegulidwa kale, ndipo samalani kuti asadonthere pa penti chifukwa amaisenda. Pochotsa mpweya yambani ndi tayala la kutali kwambiri. Pa Mustang chiwongolero chili kumanzere, choncho muyambe kumbuyo kumanja, kenako kumbuyo kumanzere, kutsogolo kumanja, n'kumalizira kutsogolo kumanzere. Mnzanu aponde pedulo n'kuigwira, inu mutsegule n'kutsekanso asanaisiye, mpaka mafuta azituluka opanda thovu.

Malimu ndi ulendo woyamba

Muyezo wa mabawuti asanu pa mamilimita 114.3 ndi womwe uli pa galimoto zambiri za Toyota ndi Nissan zimene zadzaza misewu yathu, mwakuti munthu angaganize kuti malimu angowatola pamsika wa zitsulo. Mabowo amagwirizanadi, koma malimu ambiri a galimoto zamakono anapangidwa kuti alowe mkati kwambiri, ndipo pa Mustang amakhula mkono wa m'mwamba kapena sipuling'i. Bowo lapakati la malimu a Toyota ndi la mamilimita 60.1, choncho yezani mphuno ya habu yanu musanalipire. Manati ake nawonso ndi ena, chifukwa a Toyota ali ndi mizere ya M12 pomwe a Ford ndi a theka la inchi okhala ndi mizere 20 pa inchi, ndipo nati yolakwika imatha kuyamba kulowa kenako n'kudya mizere ya bawuti. Ngati mwaika disiki, malimu a mainchesi 13 aiwaleni, ndipo ngakhale ena a mainchesi 14 amakhula caliper, choncho yesani limu imodzi, muizunguze ndi dzanja, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, musanagulire matayala.

Manati a tayala amangeni modumphadumpha ngati mukujambula nyenyezi, kufika pafupifupi 115 Nm kapena mmene opanga limuyo anenera. Musanayende, pondani pedulo mwamphamvu kwa kanthawi kuti muone ngati ikumira pang'onopang'ono, ndipo ikamira fufuzani pamene pakudontha. Yesani mabuleki pa liwiro la munthu woyenda pansi pamalo opanda anthu, kenako pitani molunjika kukawongoletsa matayala, chifukwa spindle ndi ma tie rod atsopano amasintha kaimidwe konse ka kutsogolo. Mukayenda makilomita pafupifupi 80, bwerezani manati a matayala ndi ma U-bolt, ndipo mugwire habu iliyonse ndi kuseri kwa dzanja. Yofunda ili bwino, koma yotentha mosagwirika ikutanthauza kuti bering'i yapanikizidwa kapena buleki ikukhula.

Tsegulaninso buti. Tayala la sipeya limene lili m'menemo likadali la mabowo anayi, ndipo sipanala ya matayala muiyese pa manati atsopanowo galimoto isanachoke pakhomo. Ma spindle, madiramu ndi ekiselo zakale zija muzipake mafuta, muzimange pamodzi n'kuzisunga pouma, chifukwa wogula wina wokonda galimoto zakale adzafuna kuona zimene Mustang imeneyi inatuluka nazo ku fakitale.